Sikani yaonetsa matumbo a mwana ali panja, tithandizeni maganizo

Nachisale (Mabvuku): Mwaswera bwanji nonse pagulu lathu la kuno ku Harare. Pepani ndabwera ndi nkhani yolemera madzulo ano koma mutu wanga sukugwira. Mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye uja ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi theka, mimba yoyamba, mwiniwakeyo ali ndi zaka 19 zokha. Dzulo tinapita kukajambulitsa sikani nde wojambulayo anangoti zii kenako anakaitana mnzake, mapeto ake atiuza kuti matumbo a mwana sali mkati mwa kamimba kake, akuyandama panja m'madzi muja. Papepala alembapo gastroschisis ndipo atipatsa kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu. Mtsikanayu chilirire, nsima wakana. Alipo anazionapo zimenezi? Mwana wotere amakhala moyo?

Anaphiri a ku Mufakose: Mayo ine! Pepa mwanawe. Ife kwathu ku Dedza zoterezi tinkangomva kuti ndi zamanja a anthu, apo ayi bambo wa mwanayo sanadzisunge mkazi ali ndi pakati. Mnyamatayo mwakhala naye pansi? Akuchimuna akudziwa?

Nachisale (Mabvuku): Agogo akuchimunawo ndi amene ayamba kale kuyankhula, akuti kwathu kulibe zimenezi zachokera kwanu. Ndiye mtsikanayu akuona ngati walakwa ndi iyeyo

Achimwene a kombi: Aaa anthu enawa, mwana asanabadwe ayamba kale kugawana mlandu. Dikirani asisi anesi abwere, ndawaona ali pa intaneti

Nabanda nesi: Ndabwera, ndinali ndikuweruka. Nachisale mtima pansi kaye, ndipo mumuwerengere mtsikanayo zimene ndilembezi. Choyamba palibe chimene iyeyo walakwa, mwamunayo kaya ali ndi zake zina koma pa nkhani iyi sakukhudzidwa, agogo mundikhululukire. Vutoli limachitika mimba ili yaing'ono kwambiri, masabata oyambirira enieni pamene khoma la pamimba pa mwana likutsekeka, nthawi imene atsikana ambiri sanadziwe nkomwe kuti aima. Pamatsala kabowo pambali pa mchombo, pafupifupi nthawi zonse kumanja, matumbo nkutulukira pamenepo opanda chowakuta. Chenicheni choyambitsa madotolo sanachipeze mpaka lero, chodziwika nchakuti limakonda kwambiri atsikana obereka asanakwane zaka 20, komanso fodya ndi mowa pa mimba zimaonjezera mpata. Koma tawaona ambiri osasuta osamwa zikuwachitikira. Si zakumtundu kwa mkazi kapena kwa mwamuna, ndipo nthawi zambiri pa mimba yachiwiri sizibwereza.

Nabanda nesi: Funso lanu loti amakhala moyo, ndikuyankhani mosabisa. Kumaiko olemera ana oposa 90 pa 100 alionse obadwa chonchi amapulumuka nkukula bwinobwino, chifukwa mwana wa gastroschisis kawirikawiri mtima, mutu ndi ziwalo zina zimakhala zabwino, vuto limakhala matumbo okhawo. Kuno kwathu nkhani ndi ina. Kafukufuku amene anachitika konkuno ku Harare nkutuluka mu 2015 anapeza kuti pa ana 95 amene anagonekedwa ndi vutoli, 84 pa 100 alionse anamwalira. Sindikufuna kukuopsezani koma mumvetse chimene chimawapha: ambiri amabadwira kunyumba kapena pa kiliniki yakutali palibe amene amayembekezera, nde mwana amafika kwa madotolo a opaleshoni patapita tsiku kapena awiri atazizidwa, madzi m'thupi atatha, matumbo atatupa atakulungidwa m'chitenje, majeremusi atalowa kale. Inuyo mwadziwa mwana asanabadwe. Mwayi umenewo ambiri aja analibe.

Nachisale (Mabvuku): Iii 84 asisi. Thupi langa lachita kuzizira

Bambo a Mphatso (Dzivarasekwa): Musagwe mphwayi amayi, mvetserani mbali yachiwiriyo. Ine ndili ndi yanga nkhani ndilemba bwinoli, ndikufuna anesi amalize kaye

Nabanda nesi: Zoyenera kuchita nazi. Kalatayo musaiike pansi pa matilesi, pitani nayo sabata yomwe ino. Sikelo yake ikhale ya kuchipatala chachikulu osati pa kiliniki ya khonsolo, azimujambula pafupipafupi kuona mmene mwana akukulira chifukwa ana amenewa amakonda kubadwa ochepa thupi komanso masiku asanakwane. Akachilire ku chipatala kumene kuli madotolo a opaleshoni ya ana, kuno ndi ku Gomo kuja pano akuti Sally Mugabe Central Hospital, chipatala cha ana chili konko. Si kuti mpaka amung'ambe ayi, ambiri amabereka bwinobwino njira yachibadwa, za opaleshoni ya mayi adzaona okha madotolo ngati pali chifukwa china. Chofunika nchakuti mwana akangotuluka apeze manja oyenera akumudikira.

Achimwene a kombi: Nanga matenda akayamba usiku mwadzidzidzi? Paja Mabvuku kukafika ku Gomo ndi kamtunda, 2 koloko usiku kombi kulibe ndipo ambulansi mukuidziwa nkhani yake

Nabanda nesi: Funso labwino achimwene, aliyense pagulu pano amve izi chifukwa tsiku lina adzakhala neba wanu. Mwana akabadwira panjira kapena kunyumba matumbo ali panja, osawakankhira mkati, osawatsuka, osapakapo kanthu kalikonse kaya mafuta kaya mankhwala achikuda. Osaika thonje chifukwa limamatirira, ndipo nsalu yonyowa imamuziziritsa mwana. Sambani m'manja, tengani pulasitiki yoyera yatsopano, ija yomatira chakudya mufiriji ndiye yabwino kwambiri, mukulunge matumbowo pamodzi ndi kamimbako mosathina, kapena mumulowetse mwanayo miyendo mpaka m'khwapa m'thumba la pulasitiki loyera, mutu ndi manja zili kunja. Mugonekeni chammbali cha kumanja kuti matumbo asalendewere nkupindika pakabowo paja, akapindika magazi sayenda amada. Chipewa kumutu, bulangete pamwamba, mayi amufungate amve kutentha. Osamuyamwitsa kaye ngakhale alire bwanji. Kenako liwiro kuchipatala. Pulasitikiyo imasunga madzi ndi kutentha, matumbo akakhala pamtunda mwana amauma msanga kwabasi.

Anaphiri a ku Mufakose: Osayamwa? Mwana wobadwa kumene? Nanga akhala ndi chiyani anesi

Nabanda nesi: Dilipu agogo. Matumbo amene akhala m'madzi a m'mimba miyezi yonseyo amakhala otupa, olimba, sagwira ntchito msanga, mukamupatsa mkaka amangosanza zobiriwira ndipo masanziwo akhoza kulowa m'mapapo. Amamuika kachubu kodzera m'mphuno kapena mkamwa kukafika m'mimba kotulutsa zam'kati, dilipu, mankhwala opha majeremusi. Ngati matumbo ndi ochepa osatupa kwambiri madotolo amawabwezera tsiku lomwelo nkutseka. Akachuluka amawaika m'thumba lapulasitiki loti silo, amalimangirira pamwamba pa mwana nde tsiku lililonse amafinya pang'onopang'ono matumbo azilowa, mwina masiku asanu mpaka sabata, chifukwa kamimbako kamakhala kakang'ono, mukakakamiza zonse nthawi imodzi mwana amalephera kupuma ndipo impso zimapanikizika. Chovuta kwambiri kuno ndi chakudya cha mumtsempha chija amati TPN, nchodula ndipo sichipezeka nthawi zonse, pomwe mwana angafunike masabata angapo asanayambe kugaya bwino. Nchifukwa chake mkaka wa mayi ndi wamtengo wapatali, mayi ayambe kufinya kuyambira tsiku loyamba maola atatu alionse usiku womwe kuti usaphwe, akadzati tiyambe timadontho upezeke ulipo. Ana ena, mwina mmodzi pa 10, amapezekanso kuti thumbo linatsekeka penapake, amenewo ulendo umatalikirapo.

Mayi a Tamanda (Epworth): Pepani ndilowelere. Inetu mwandiopsa, wanga wa chaka chimodzi ndi theka ali ndi chimchombo chachikulu chotuluka, akamalira chimachita kufufuma. Apongozi anamangapo kobiri ndi bandeji koma sichikubwerera. Ndi zomwezi?

Mwale wa ku UZ: Ndiyankheko ine asisi apume, paja ndife ana asukulu a pa University of Zimbabwe (UZ) tikadali kuphunzira nde mundikonze ndikaphonya. Amayi a Tamanda zanuzo ndi zina. Chimchombo chokutidwa ndi khungu bwinobwino chimene chimalowa mukachidina, chimenecho ndi chofala kwambiri pakati pa ana achikuda ndipo zambiri zimatsekeka zokha mwana akamafika zaka 4 kapena 5. Kobiriyo chotsani, sithandiza, imangonyula khungu. Chikapitirira zaka zimenezo kapena bowo ndi lalikulu kwambiri amasoka, opaleshoni yake ndi yaing'ono. Koma tsiku limene chidzalimbe osalowa, mwana akulira ndi ululu, akusanza, tsiku limenelo musadikire kuche.

Mayi a Tamanda (Epworth): Zikomo achimwene, kobiriyo ndichotsa apongozi akagona kkkk

Mwale wa ku UZ: Kkkk. Pali lina lofanana ndi la kwa aNachisale limene anthu amasokoneza, omphalocele. Mwana aliyense ali m'mimba, cha m'sabata ya 6, matumbo ake amatuluka kaye kulowa m'tsinde la chingwe cha mchombo chifukwa akukula mofulumira kuposa malo, nde amabwerera pofika sabata ya 10 mpaka 12. Tonsefe tinadutsamo. Kwa ena sabwerera onse, mwana amabadwa ndi thumba lanembanemba pamchombo penipeni, chingwe chili pamwamba pake, mkatimo muli matumbo nthawi zina ndi chiwindi chomwe. Poliona limaoneka losaopsa kwenikweni poti ndi lokutidwa, koma ili ndi limene limabwera ndi anzake, vuto la mtima, la makromozomu (tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha munthu) monga trisomy 13 ndi 18, kapena lina lotchedwa Beckwith-Wiedemann loti mwana amabadwa wamkulu, lilime lalikulu, shuga nkumatsika. Nchifukwa chake wotere amamujambula mtima ndi kumuyeza shuga msanga. Laling'ono amasoka. Lalikulu kwambiri sathamangira mpeni, amapaka mankhwala pathumbapo monga silver sulfadiazine uja wa zilonda zamoto, thumbalo limauma khungu nkumamera kuchokera m'mbali kwa miyezi, kenako amadzatseka minofu mwana atakulako.

Nachisale (Mabvuku): Ndiye lathuli papepala palibe za thumba, akuti matumbo ali okha. Kani ndiye kuti mtima uli bwino?

Mwale wa ku UZ: Nthawi zambiri inde azakhali, koma akatsimikize ndi sikani yachiwiri kuchipatala chachikuluko

Che Jafali (Mbare): Salaam nonse. Ine maganizo anga bwanji mtsikanayo apite kumudzi? Ku Blantyre pa Queens anamanga chipatala cha opaleshoni ya ana chija cha Mercy James, chimene Madonna anatsegula mu 2017, anthu amachiyamikira. Basi imanyamuka pa Mbare pompano

Nabanda nesi: Chipatalacho chilipodi Che Jafali ndipo chikuthandiza ana ambiri kumudzi. Koma taganizani mtsikana wa mimba yoti ikhoza kuyamba nthawi ina iliyonse miyezi isanakwane, akwere basi adutse Nyamapanda, Tete ndi kutentha kuja, mizere ya pa Zobue ndi pa Mwanza, matenda akamuyambira pakati pa Mozambique atani? Komanso mwana wotere amagona m'chipatala mwezi kapena kuposa, pamafunika abale omudikirira ndi omutengera chakudya, abale akewo ali kuno. Madotolo a opaleshoni ya ana ku Harare aliko. Ndalama ya basiyo isungidwe igule mankhwala.

Che Jafali (Mbare): Zamveka asisi, ndabweza mawu

Bambo a Mphatso (Dzivarasekwa): Tsopano ndilembe yanga, ndi yaitali mundipirire. Wanga si wa matumbo ndi wa mkodzo koma tinagona wodi imodzi ndi ana a m'mathumba a silo amenewa nde ndimazimva. Mphatso atabadwa ankaoneka bwinobwino, wonenepa ndithu. Amake sanajambulitse sikani ndalama zinavuta nthawi imeneyo. Chimene ndinkaona ine ndi chakuti mwana wamwamuna ukamusintha thewera amakuthira mkodzo kumaso, akulu ake onse anandichita zimenezo, koma uyu ayi, mkodzo unkangodontha ngati mpopi wa ku Mabvuku, uku akudzikakamiza nkhope kuchita kufiira, thewera lonyowa nthawi zonse koma osamuona akukodza chokodza. Pansi pa mchombo panali polimba, ukagwira umamva chinthu chozungulira. Anthu kumati ndi mwana waulemu ameneyu, ena ati ndi mpweya mpatseni gripe water. Ali ndi miyezi iwiri anatentha thupi, kukana bere, kusanza, tinapita pa kiliniki ina sinditchula anangotipatsa mankhwala oziziritsa thupi tibwerere. Kutacha mwana anali lefuu maso olowa, nde mlamu wanga anati tiyeni kuchipatala chachikulu basi.

Nachisale (Mabvuku): Za mpopi wathuwo mwanenadi zoona abambo, ndaseka ndili ndi misozi. Pitirizani

Bambo a Mphatso (Dzivarasekwa): Titafika dotolo wachitsikana anangogwira pamimba paja nkufunsa kuti amakodza bwanji, funso limene palibe anali atatifunsapo. Anamulowetsa kachubu kakang'ono pokodzera, mkodzo umene unatuluka pamenepo ine sindinakhulupirire kuti ungachoke mwa khanda, wamtuwa wonunkha, mbale ija kudzadza. Magazi anaonetsa kuti impso zatopa, sikani inaonetsa impso zonse ziwiri zotupa ndi mkodzo, chikhodzodzo chokhuthala. Atachira kutenthako anamujambula ekisire ina yothira mankhwala m'chikhodzodzo kuti aone mmene akutulukira, nde anapeza kuti m'njira ya mkodzo, chakumtunda pafupi ndi chikhodzodzo, muli tinembanemba totchinga. Amati posterior urethral valves, ife timangoti mavavu. Anadzalowetsa kachipangizo ka kamera pokodzera pomwepo nkudula tinembanembato, pamimba sanang'ambe nkomwe. Tsiku limene anachotsa chubu mwana nkuthira mkodzo mpaka pa yunifolomu ya nesi amake analira, nesiyo kumangoseka.

Anaphiri a ku Mufakose: Mulungu ngwamkulu. Ndiye anachiriratu?

Bambo a Mphatso (Dzivarasekwa): Apo ndi pamene anthu amanamizana agogo. Njira inatseguka koma impso zinavulala kale ali m'mimba. Pano ali ndi zaka 7 ali giredi 2, amathamanga amamenya mpira, koma timapitabe kukayezetsa magazi aja a creatinine oona mmene impso zikugwirira ntchito, mkodzo ndi BP, mwana wamng'ono kumuyeza BP. Usiku amakodzabe pogona nthawi zina ndipo sitimukalipira chifukwa chikhodzodzo chake sichimva bwino kuti chadzadza. Anatiuza azikodza maola awiri kapena atatu alionse asadikire kumva, akamaliza adikire pang'ono ayesenso, nde ndinakafotokozera aphunzitsi ake kuti akapempha kutuluka asamukanize. Azimwa madzi okwanira, asadzimbidwe, ndipo Brufen ndi anzake a mtundu umenewo ayi ndithu amaononga impso. Akangotentha thupi ife timayamba ndi kuyezetsa mkodzo.

Mwale wa ku UZ: Abambo mwafotokoza kuposa buku. Ndingoonjezera kuti mavavuwa amagwira anyamata okhaokha, pafupifupi mmodzi pa 5,000 mpaka 8,000, ndipo ngakhale atadulidwa bwino, pafupifupi mmodzi mwa atatu impso zimadzafooka kwambiri akamakula, ena pa unyamata, nde kusiya kupita ku cheki poti mwana akuoneka bwino ndi ngozi. Mwana akakhala wochepa kwambiri moti kachipangizo sikangalowe amamuboola kaye pansi pa mchombo mkodzo uzitulukira m'thewera, vesicostomy, nkudzatseka pambuyo pake. Komanso pa sikani ya mayi zimaoneka: chikhodzodzo cha mwana chachikulu chosaphwa, impso zotupa, madzi a m'mimba ochepa. Paja kuyambira chapakati pa mimba madzi amene mwana amasambiramo ambiri ndi mkodzo wake womwe, ndipo mapapo amafuna madzi amenewo kuti akule, nde njira ikatsekeka kwambiri mwana amabadwa mapapo osakhwima, ena amapita chifukwa cha kupuma osati impso.

Achimwene a kombi: Dikirani kaye a Mwale, mukuti tonsefe tinkasambira mu mkodzo wathu? Nsima yandikanika

Nabanda nesi: Kumwa munkamwanso achimwene, idyani nsimayo kkkk

Che Jafali (Mbare): Nanga mdulidwe suthandiza pamenepa? Kwathu mwana akamavutika kukodza amati ndi khungu lakutsogolo

Mwale wa ku UZ: Umathandiza mbali imodzi Che Jafali, umachepetsa matenda a m'njira ya mkodzo kwa anyamata a mavavu nde madotolo ambiri amaulimbikitsa. Koma sutsegula chotchingacho chifukwa chili mkati kutali. Khanda likamadontheza osaponya mkodzo musathamangire kwa ngaliba, ayambe waunikidwa.

Mayi a Chikondi (Glen View): Ndakhala ndikungowerenga. Ine pa mimba ya Chikondi anandiuza kuti impso imodzi ya mwana yatupa, ndinasala kudya sabata yonse ndi mantha. Atabadwa anamujambula kangapo, chaka chisanathe akuti zaphwa zokha. Nde osati chilichonse cha pa sikani ndi imfa

Nabanda nesi: Zoona amayi, kutupa pang'ono kwa impso imodzi ndi chinthu chimene timachiona kawirikawiri ndipo kwambiri kumatha kokha. Kwina kumakhala kuti pamene impso imalumikizana ndi kapaipi kopita kuchikhodzodzo mpopanikizika, akaona kuti kutupa kukukula kapena impsoyo ikufooka amadula malo opapatizawo nkulumikizanso, opaleshoni yake imayenda bwino kwambiri. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi impso zonse ziwiri kutupa, mwana ali wamwamuna, madzi ali ochepa. Ameneyo asatuluke m'chipatala asanajambulidwe.

Mwale wa ku UZ: Ndipo lilipo lina limene limaphatikiza nkhani ziwiri zonsezi, prune belly. Mwana, pafupifupi onse anyamata, amabadwa pamimba popanda minofu yokwanira, khungu lamakwinya lofewa moti matumbo umawaona akuyenda, njira zonse za mkodzo zotanuka, ndipo pepani mawuwa machende onse awiri osatsika. Ndi losowa, mwina mmodzi pa 30,000 kapena 40,000. Ena amaganiza kuti chikhodzodzo chimatupa kwambiri mwana ali m'mimba mpaka kulepheretsa minofu kukula, ena akuti zonse zimalakwika limodzi pachiyambi. Palinso loti chikhodzodzo chenichenicho chimakhala chotseguka panja pansi pa mchombo, chofiira, mkodzo ukungochucha, nalonso poyamba amaphimba ndi pulasitiki yomweyi osati thonje.

Mlembi wa gulu: A Mwale mayeso mukhoza ndithu koma tsitsani pang'ono, amayi oyembekezera pagulu pano sagona lero

Mwale wa ku UZ: Pepani akuluakulu, ndatengeka

Mayi a Chikondi (Glen View): Funso langa asisi, mapilisi aja a folic acid amatipatsa kusikelo sateteza zimenezi? Poti mwina mtsikanayo sankamwa

Nabanda nesi: Aja amateteza kwambiri vuto la msana wotseguka ndi la mutu, makamaka ukayamba kumwa mimba isanaime. Pa gastroschisis ndi mavavu palibe umboni woti akanaletsa, nde musamuonjezere katundu mwana wa eni. Chimene ndimalimbikira ine ndi sikani, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mayi aliyense ajambulidwe kamodzi asanakwane masabata 24, ndipo yabwino yoona ziwalo ndi ya masabata 18 mpaka 22. Anthu amapita kukafunsa kuti ndi mwamuna kapena mkazi basi kuti akagule zovala za buluu, osafunsa kuti pamimba patsekeka, impso zili bwanji, madzi ndi okwanira. Ine zimandinyansa ndinene pano, madola omwewo mwalipira funsani zonse.

Anaphiri a ku Mufakose: Anesi ndamva. Ine sukulu sindinapite patali koma ana ndalera, ndipo ndikakumbuka kumudzi analipo makanda ankangoti abwerera, osationetsa, azamba nkukwirira nkhani. Mwina zinali zomwezi. Koma akuchimunawo musawasiye, mawu awo ndi amene angamudwalitse mtsikanayo kuposa matendawo, ndipo tsiku lochira akhoza kulimbikira kuti apite kwa mneneri kapena kwa azamba akwawo. Nachisale undiuze tsiku ndibwere ndidzakhale nawo pansi apongozi akewo, akulu okhaokha timamvana.

Nachisale (Mabvuku): Agogo mwanditula mtolo. Zakwa mneneri anayamba kale kuzinena mmawa uno

Mlembi wa gulu: Kupemphera tipemphera, Lamulungu ku CCAP tikapereka dzina kwa amayi a chigwirizano ngati banja lilola, koma kuchipatala apite. Ndikupempha komiti kuti thumba lathu lisamangodikira maliro, tione zothandiza pa thiransipoti ndi masikani otsalawo. Amene ali ndi kangachepe aponye kwa msungichuma pa EcoCash monga mwa masiku onse, alembe kuti za Mabvuku.

Achimwene a kombi: Ine yanga ndi galimoto. Kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri wa mimbayo foni yanga sindizimitsa usiku, kombi imagona pakhomo ku Tafara nde Mabvuku ndi pafupi. Pulasitiki ija ndigula mawa ikhale mu dashibodi

Nabanda nesi: Mugule iwiri, ina ikhale m'chikwama cha mtsikanayo pamodzi ndi kalata, chipewa cha mwana ndi bulangete, osaitsegula. Nachisale pokaonana ndi madotolo mufunse kuti akufuna achire pa masabata angati chifukwa ambiri sadikira 40 ikwane, mufunsenso ngati angaonane ndi a opaleshoni ya ana asanachire, komanso zimene mungafunike kugula nokha kuti muyambe kusonkha pano. Mwana akasiya kugunda monga mwa nthawi zonse, kapena madzi akasweka, osadikira tsiku la sikelo.

Nachisale (Mabvuku): Ndalemba zonse pa kope. Ndamuwerengera mpaka pa nkhani ya abambo a Mphatso, wadyako phala pang'ono. Akufunsa kuti mwana akadzachira adzakhala ndi mchombo ngati anzake?

Nabanda nesi: Zimatengera katsekedwe, ambiri masiku ano amasiya chingwe chomwecho nkutsekera pamenepo nde mchombo umakhalapo, ena pamatsala kachipsera kapena kamchombo kotuluka kamene kamadzatha. Muuzeni afunse yekha kwa dotolo, azolowere kufunsa chifukwa m'wodimo adzakhala ndi iyeyo osati ife.

Bambo a Mphatso (Dzivarasekwa): Amake Mphatso akuti Lachinayi ali ndi mpata akhoza kukuperekezani, makomo a kumeneko amawadziwa. Munyamuke 5 koloko mzere wa makadi umatalika, mutenge ndi kadyedwe chifukwa mukaweruka masana.

Nachisale (Mabvuku): Lachinayi zatheka, tikumana pa geti lalikulu. Agogo inu ndiye Loweruka masana, ndiwauza akuchimunawo usiku uno.